Thireyi ya Mazira ya Achemwali

Lachinayi, 5 Juni

Akuti anandigoneka Lachiwiri. Za Lachiwiri ndi Lachitatu sindikuzikumbukira bwino, choncho ndiyambira lero. Mpongozi wanga wandibweretsera magalasi, cholembera ndi kope lakale la mwana wake. Masamba asanu oyamba ndi a masamu. Ndayamba ndawachonga. Masamu awiri anali olakwa, aphunzitsi ake osaona.

Wodi ya amayi ili ndi mabedi khumi ndi awiri, ogona tilipo khumi ndi mmodzi. Langa ndi lachisanu kuchokera pakhomo. Ndili pa diripi. BP m'mawa 186/102, madzulo 178/98.

Mpongozi akuti anandipeza pakhonde ndikuitana mayina a ana a kalasi imene ndinasiya kuphunzitsa kalekale, ndikukalipa kuti sakuyankha. Wandiuza osaseka. Bola akanaseka.

Ludzu. Mutu ukulemera. M'mimba mwauma.

Lachisanu, 6 Juni

Amatidzutsa m'mamawa kudzatiyeza BP, kenako amabwera okolopa, kenako tiyi ndi buledi. Dokotala amazungulira tiyi akatha. Anditenga magazi kawiri. BP 174/96.

Pa bedi lachisanu ndi chimodzi pali mayi wa matenda a shuga amene wodi yonse imamutcha Wailesi, chifukwa satseka pakamwa. Wandifunsa ntchito imene ndinkagwira.

“Ndinali mphunzitsi wa masamu.”

“N'chifukwa chake mumayang'ana diripi ngati yakuberani kanthu,” iye watero.

Ndimangowerenga madontho. Zimandikhazika mtima pansi.

Ndafunsa mpongozi za achemwali anga. Timakhala nyumba imodzi chimwalirireni amuna awo. Ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sukulu sanapiteko chifukwa ankalera ife, ndipo masiku ano makutu awo agontha ndithu. Akuti ali bwino, akungodandaula ludzu, koma akana kudzandiona. Chipatala amachiopa. Amuna awo analowa akuyenda okha, n'kutuluka atanyamulidwa. Anditumizira malalanje anayi.

Loweruka, 7 Juni

Lero ndili ndi mphamvu, ndipo ndikufuna ndilembe zonse mwadongosolo.

Dokotala wathu ndi mayi wachichepere, msinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa. Wabwera ndi zotsatira za magazi. Kashiamu m'magazi mwanga anali 3.4 tsiku limene ndinabwera, pamene sayenera kupitirira 2.6. Impso zatopa. Wandiuza kuti nditchule chilichonse chimene ndimameza, ngakhale chogula ndekha.

Ndatchula. Piritsi limodzi la BP, lokodzetsa lija, m'mawa uliwonse. Mapiritsi a kashiamu anayi pa tsiku. A chilungulira otafuna, awiri kapena atatu.

“Anayi? Anakulemberani ndani, amayi?”

Ndamufotokozera, ndipo ndivomere kuti ndinayamba ndi kakunyada. Mu Januwale mwana wanga wamkazi ananditumizira mabotolo a kashiamu, oti ndizimwa limodzi pa tsiku chifukwa cha mafupa. Kenako ndinawerenga m'magazini kuti kashiamu amathandizako kutsitsa BP mwa amayi achikulire. Makina oyezera ndili nawo kunyumba. Ndinadziyeza mwezi wathunthu, n'kupeza kuti BP yatsika ndi zitatu. Ine ndinkafuna itsike ndi khumi ndi ziwiri. Ngati piritsi limodzi latsitsa zitatu, ndiye kuti anayi atsitsa khumi ndi ziwiri. Samu imeneyi ngakhale mwana wamng'ono angaikhoze.

Dokotala sanaseke. Wati, “Piritsi lanu la BP limaletsa impso kutaya kashiamu. Inu mukuthira, thupi silikutaya. A chilungulira ajanso ndi kashiamu yemweyo, angosintha botolo. Akachuluka chonchi amaononga impso, amasokoneza mutu, ndipo BP imakwera m'malo motsika.”

“Koma zinalembedwa kuti amatsitsa.”

“Mwa ena, pang'ono kwambiri, akamamwa mlingo woyenera. Si mankhwala a BP, amayi. Zitatu zanu zijanso mwina munangogona bwino mwezi umenewo.”

Atachoka, Wailesi wati, “Aphunzitsi, ndiwo zikakoma ndi supuni imodzi ya mchere, inu mumathira zinayi kuti zikome kanayi?”

Ndinachita manyazi, koma ndinkaona ngati nkhani yathera pa ine.

Masana mpongozi anabwera, n'kupita. Nditatsala ndekha ndinatenga lalanje limodzi mwa aja a achemwali. Ndili mkati mosenda ndinakumbukira mawu a dzulo: akungodandaula ludzu.

Achemwali nawonso amamwa piritsi lomwelo la BP. Popeza sadziwa kuwerenga, mankhwala awo ndimawakonzera ndine. Ndimagwiritsa ntchito thireyi ya mazira, ija ya timaenje makumi atatu. Kadzenje kalikonse ndi tsiku limodzi. Pa tsiku loyamba la mwezi ndimadzaza timaenje tonse, iwo amangotenga motsatana. Kuyambira mu Malichi ndakhala ndikuika m'kadzenje kalikonse piritsi la BP ndi a kashiamu atatu: m'mawa, masana, madzulo. Ndinawapatsa atatu osati anayi chifukwa ndi ochepa thupi. Izinso ndinachita kuwerengera.

Thireyi ya mwezi uno ndinaidzaza Lamlungu lapitali.

Ndaitana anamwino ena aatali amene anali pa ntchito, n'kuwafotokozera zonse. Ati achemwali asiye a kashiamuwo lero lomwe ndipo abwere adzayezedwe. Ndaimbira mpongozi foni. Nambala ndinaiphonya kawiri.

Lamlungu, 8 Juni

BP 168/92. Kashiamu 3.1.

Mpongozi wabwera nkhope ili yakugwa. Achemwali akana kusiya mapiritsi, akananso kubwera. Thireyi aitsekera m'sutikesi, kiyi amangirira pakhosi.

Vuto ndi langa lomwe. Chaka chatha mpongozi akusesa anagwetsa thireyi, n'kutolera mapiritsi kuwabwezera mmene anaonera. Ndinakalipa kwambiri. Kenako ndinawagwira achemwali dzanja, n'kuwauza mokuwa kuti amve bwino: “Thireyi iyi asaigwire wina aliyense. Ngakhale abwere dokotala, musasinthe kanthu mpaka ndikuuzeni ine ndi pakamwa panga.” Iwo analonjeza. Achemwali akalonjeza, alonjeza.

Madzulo tayesa foni. Mpongozi anawagwirizira kukhutu, ine ndikukuwa mpaka wodi yonse yatembenuka.

“Achemwali, ndine! Musamwenso mapiritsi aakulu oyera aja!”

“Ndani?”

“Mng'ono wanu!”

Ndinawamva akuuza mpongozi, “Mawu awa ndi ofooka, si ake. Ndipo ngati ndi iyeyo, si uja mwati ankaitana ana pakhonde? Thireyi anaidzaza mutu uli bwino. Ine nditsata zimene ananena mutu uli bwino.”

Ndikanakhala m'kalasi, yankho limeneli ndikanalichonga kuti lakhoza.

Mpongozi wafunsa ngati athyole sutikesi. Kenako wadziyankha yekha: “Ndikathyola, sadzadyanso chakudya changa. Adzati ndikufuna kuwapha inu kulibe.” Akunena zoona. Mwamuna wake, mwana wanga, ali pa ulendo ndi lole, abwera sabata yamawa.

Ndapempha dokotala wa lero kuti andilole ndipite kunyumba kwa ola limodzi. Wakana. Akuti diripi siyingaime, ndipo ndikaimirira ndimazandima.

Lolemba, 9 Juni

Ndafooka lero. BP 164/90.

Chichokereni Loweruka, achemwali ameza ena asanu ndi limodzi. Akuti dzulo asanza kamodzi ndipo akumangogona.

Tiyi wam'mawa sindinamwe. Wailesi waona kapu yanga ili yodzaza. Kenako wati, “Akulu anuwo amaopa chiyani kuposa chipatala?”

Ndaganiza. Amaopa kuti ndingawapeze atadumpha tsiku. Loweruka lililonse ndimayendera thireyi, ndipo iwo amaimirira pambali ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Loweruka lapitali sindinayendere.

Masana ndauza mpongozi, “Musawauzenso zosiya mankhwala. Mukangowauza kuti aphunzitsi akufuna kuona thireyi, akukayika ngati mukumwa bwino iwo kulibe.”

“Ziwapweteka mtima, amayi.”

“Ndikudziwa.”

Anatsegula kontena ya mpunga ndi nyemba, n'kundiikira supuni m'dzanja. Ndinati, “Mwana wanga, tsiku lija la thireyi ndinakulankhulani zoipa.” Iye anati, “Idyani, amayi, zisanazizire.” Ndadya theka.

Wailesi akuti mbuzi imabwera ndi chingwe chomwe unaimangira. Sindinakonde kuti achemwali akhale mbuzi, koma chingwe ndinamanga ndine.

Lachiwiri, 10 Juni

Abwera.

Analowa nthawi ya alendo itangokwana, atavala diresi lawo la maluwa limene amasungira maulendo, mpongozi atawagwira m'khwapa. Thireyi anaikulunga m'nsalu, ataigwira ndi manja awiri kuti isapendeke. Mpongozi akuti njira yonse m'basi anaiika pamiyendo, osalola kondakitala kuikhudza. Aonda. Milomo yauma mpaka kung'aluka. Sanayang'ane mabedi ena, maso anali pa ine basi.

Sanandifunse mmene ndadzukira. Anaika thireyi pabulangeti, n'kumasula nsalu.

“Werenga,” anatero. “Werenga wekha, uone ngati ndadumpha.”

Timaenje tisanu ndi tinayi tinali topanda kanthu. M'kadzenje ka lero munatsala awiri. Sanadumphe ngakhale limodzi.

Ndinawakhazika pabedi. Ndinayamba kunena motsitsa, pafupi ndi khutu lawo, “Achemwali, ndinalakwitsa.”

“Wati chiyani?”

“Ndinalakwitsa.”

“Kweza mawu, iwe. Ukulankhulira m'mphuno ngati pa foni paja.”

Inali nthawi ya alendo. Pabedi lililonse panali anthu ndi makontena awo. Ndinakoka mpweya, n'kukuwa ndi mawu aja ndinkakhazikira nawo chete kalasi.

“Ndinalakwitsa, achemwali! Mapiritsi oyerawa ndi amene andidwalitsa, ndipo akukudwalitsani inunso! Sanandiuze dokotala, ndinadziwerengera ndekha!”

Masupuni onse anaima. Wailesi anati chapansipansi, “Tamva tonse, aphunzitsi,” koma sananene monyoza.

Achemwali anapukusa mutu. “Iwe sulakwitsa masamu.”

“Awa ndalakwitsa.”

“Mutu wako uli bwino?”

“Ndifunseni chilichonse.”

Anaganiza. “Galu wa abambo uja, amene anadya buku lako la sukulu, anali wotani?”

“Wakuda, wa khutu limodzi. Ndipo simunamumenye, munamubisa kuseri kwa khitchini.”

Anagwedeza mutu, n'kukankhira thireyi kwa ine. Ndinayamba kutola mapiritsi oyera kadzenje ndi kadzenje, ndikuwaponya m'kapu yanga. Anakwana makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Iwo amangoyang'ana dzanja langa. Nditamaliza anati, “Ndiye ludzu lija silinali la ukalamba?”

“Ayi.”

“Ine ndimati ndayamba kufa.”

Anamwino aatali anabwera ndi njinga ya odwala kuti akawatenge magazi. Achemwali anagwira chitsulo cha bedi langa. “Ine ndangobwera kudzaonetsa thireyi.” Ndinachita kuwamasula zala chimodzichimodzi.

Madzulo: kashiamu wawo 3.0, BP 182/100, impso zatopa kuposa zanga. Awagoneka pa bedi lakhumi ndi chiwiri, kumapeto kwa wodi. Wailesi anapempha anamwino kuti asinthane nawo. Anatola zikho zake ndi mapilo akudandaula kuti kumeneko kulibe omvera ake, koma anapita. Tsopano achemwali ali kudzanja langa lamanja.

Lachitatu, 11 Juni

Ine: BP 156/88, kashiamu 2.8. Andiyambitsa piritsi lina la BP, losakodzetsa.

Achemwali: pa diripi, BP 176/96. Akodza pang'ono. Anamwino amayeza mkodzo wawo m'jagi ya manambala, ine ndimasuzumira.

Sadya. Amayang'ana khomo nthawi iliyonse machira akamadutsa. M'mawa anandifunsa, “Alamu ako anagona wodi ngati ino?” Ndinati ayi, ija inali ya abambo. Anati, “Fungo ndi lomweli.”

Sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ndakhala ndikudikira.

Mwana wanga wamkazi waimba foni akulira kuti mabotolo anatumiza ndi iye. Ndamuuza kuti pabotolo panalembedwa limodzi pa tsiku, zilembo zake zazikulu, ndipo amene anaziwerenga ndine.

Lachinayi, 12 Juni

Ndafunsa dokotala poyera ngati impso za achemwali zidzabwerere mwakale. Wati zanga zikubwerera msanga. Zawo sakudziwa, chifukwa cha msinkhu komanso BP ya zaka zambiri. Tidikire.

Ndinafunsanso, “Ndikanakumbukira za thireyi tsiku limene anandigoneka, zikanasintha?”

Wati, “Tsiku limenelo simunkadziwa n'komwe kuti muli kuti, amayi.” Si yankho, koma ndalilemba.

Pa nthawi ya mankhwala panali kachipwirikiti. Anamwino anawapatsa achemwali piritsi latsopano, iwo analifumbata osameza. Anamwino ananyengerera, osatheka. Achemwali anatembenukira kwa ine, n'kutambasula dzanja.

“Ndimwe?”

“Funsani anamwino, achemwali, osati ine! Ine ndi amene ndakugonekani pano!”

“Anamwino sindikuwadziwa,” anatero, dzanja lili chitambasulire.

Ndinati imwani. Anamwa. Ndinatembenukira kukhoma kwa kanthawi.

Wailesi anakuwa kuchokera kumapeto, “Aphunzitsi, ntchito simunapume, mwangosintha kalasi.”

Lachisanu, 13 Juni

Achemwali adya buledi ndi tiyi, masana nthochi imodzi. Jagi yadzaza kawiri. Kashiamu 2.7. Adandaula kuti tiyi wa kuno alibe shuga, chizindikiro choti akubwerera.

Mpongozi anawasambitsa, n'kuwapesa. Achemwali anamuuza, “Kiyi uyu tenga, ukaone ngati m'sutikesi simunalowe mphemvu.” Anachotsa chingwe pakhosi, n'kumupatsa. Mpongozi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana diripi.

Thireyi anapita nayo kunyumba. Akuti waikamo mazira.

Loweruka, 14 Juni

Anditulutsa. BP 146/84, kashiamu 2.5. Piritsi limodzi m'mawa. Kashiamu ayi, a chilungulira ayi, mpaka dokotala atanena. Ndibwerenso pakatha sabata ziwiri.

Za achemwali, dokotala wandiuza tili pakhonde. Kashiamu watsika, moyo wawo suli pangozi. Impso zabwererako, koma zikuoneka kuti sizifika pomwe zinali. Azidzayezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo pali mankhwala ena amene sadzamwanso moyo wawo wonse. Ndiye kuti mwezi uliwonse azidzalowa pakhomo limene amaliopa, chifukwa cha samu yanga.

Ndinamupempha kuti mankhwala awo akawafotokozere mpongozi, ine ndili pomwepo. Wati ndi nzeru yabwino. Ndi yoyamba imene wandiyamikira.

Kunyumba sindinapite. Bedi langa alowapo mayi wina wa chifuwa, ine ndakhala pampando pambali pa achemwali monga wowadikirira. Mpongozi anakana poyamba, kenako anandisiyira bulangeti ndi fulasiki.

Madzulo anamwino aatali anabwera ndi mankhwala. Achemwali analandira piritsi, n'kutambasulira dzanja kwa ine monga mwa masiku onse.

“Ndimwe?”

Ndinafunsa anamwino dzina lake, mlingo wake ndi ntchito yake. Anandiuza, n'kundionetsa pomwe dokotala analemba. Ndinawerenga kawiri.

“Imwani, achemwali.”

Anameza, n'kumwera madzi, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Kenako ananditsegulira chikhatho chopanda kanthu kuti ndione.

“Waona?” anatero. “Ine sindidumpha.”